Zotsala pogawa: chifukwa chake fmod inkachedwa, ndi momwe anaifulumizitsira

Ena mwa inu amene mumalemba mapulogalamu kuno ku Lilongwe mwakumana nawo kale uthenga uwu. Pulogalamu mwaimanga pa laputopu yokhala ndi Ubuntu 24.04, yayenda bwinobwino, koma mutaitumiza pa seva ya kasitomala yomwe idakali ndi Ubuntu 22.04 kapena Debian 12, yakana kudzuka. Pa sikirini pangotuluka mzere umodzi wotchula libm.so.6 ndi mawu akuti version GLIBC_2.38 not found. Munthu amayamba kufufuza m'zimene walemba yekha, pomwe vuto silili mmenemo ayi.

Uthengawo ukatchula libm.so.6, kawirikawiri gwero lake ndi function yaing'ono yotchedwa fmod, kapena mng'ono wake fmodf. Function ndi kachigawo ka pulogalamu komwe mumakapatsa manambala n'kukubwezerani yankho. Ziwirizi zinalembedwanso mwatsopano mu glibc 2.38, yomwe inatuluka mu 2023, ndi cholinga choti zizithamanga. Funso lomwe ambiri amafunsa akamva zimenezi ndi lomveka: kupeza zotsala pogawa ndi masamu a ku pulayimale, nanga chinachedwa n'chiyani kwa zaka pafupifupi 30?

fmod ndi chiyani, ndipo amaigwiritsa ntchito ndani

Glibc, kapena kuti GNU C Library, ndi laibulale yomwe pafupifupi pulogalamu iliyonse ya pa Ubuntu, Debian ndi Fedora imadalira. Laibulale pano ndi mtolo wa ma function olembedwa kale omwe mapulogalamu ena amangobwereka. Gawo lake la masamu limatchedwa libm, ndipo mmenemo ndi momwe muli sin, cos, log, exp, pow komanso fmod.

Ntchito ya fmod ndi yosavuta kuifotokoza. Tiyerekeze kuti wogula mbewu pa msika wa Mitundu ali ndi mulu wa chimanga wolemera makilogalamu 1,237.5 ndipo akuthira m'matumba a makilogalamu 50. Matumba odzadza akhala 24, ndipo pansi patsala makilogalamu 37.5. Mukaipatsa fmod manambala 1237.5 ndi 50, siiwerenga za matumba aja. Imangokuuzani zotsala pansizo, 37.5. Mwa masamu, fmod ya x ndi y ndi x kuchotsera n kuchulukitsa ndi y, pomwe n ndi yankho la x kugawa ndi y mutataya zonse za kuseri kwa kadontho.

Imapezeka m'malo ambiri kuposa momwe mungaganizire. Ngodya ya madigiri 725 ikafunika kubwezedwa pakati pa 0 ndi 360, fmod imapereka 5. Pulogalamu yopanga mawu a nyimbo imaigwiritsa ntchito posunga malo omwe funde la mawu lafika. Masewera a pa kompyuta amaiitana pozunguliza zinthu pa sikirini. Ngakhale amene sanalembepo C amaikhudza: mukalemba chizindikiro cha % pakati pa manambala awiri a kadontho mu Python, pansi pake pamaitanidwa fmod ya laibulale ya makina anuwo. Lua nayo imatero, PHP ili ndi fmod yake yodalira yomweyo, ndipo % ya JavaScript imatsata lamulo lomweli.

Ili ndi m'bale wake wotchedwa remainder, yemwe anthu amamusokoneza nayo. Kusiyana kwake kuli pa n. Fmod imataya za kuseri kwa kadontho, pomwe remainder imasankha nambala yathunthu yomwe ili pafupi kwambiri. Pogawa 5 ndi 3 timapeza 1.67, fmod imatenga 1 n'kupereka 2, remainder imatenga 2 n'kupereka -1. Python imawonjezeranso kachitidwe kake: -7 % 3 imapereka 2, pomwe fmod ya C imapereka -1, chifukwa C imatsata chizindikiro cha x koma Python imakonza yankho kuti litsate cha y. Onsewa ndi olondola malinga ndi lamulo lomwe aliyense anasankha.

Momwe kompyuta imasungira nambala ya kadontho

Apa ndi pomwe pali phata la nkhani. Manambala a kadontho amasungidwa motsatira muyezo wotchedwa IEEE 754, womwe unakhazikitsidwa mu 1985. Mmodzi mwa amene anautsogolera ndi William Kahan wa ku yunivesite ya California ku Berkeley, yemwe analandira mphoto ya Turing mu 1989 chifukwa cha ntchito yake pa masamu a makompyuta.

Mtundu wofala kwambiri umatchedwa double ndipo umatenga mabiti 64. Biti ndi kachipinda kamodzi kosunga 0 kapena 1. Biti yoyamba imanena ngati nambala ili pamwamba kapena pansi pa ziro. Mabiti 11 otsatira amasunga exponent, yomwe imanena kuti nambalayo ichulukitsidwe kapena igawidwe ndi 2 kangati. Mabiti 52 otsala, kuphatikiza imodzi yomwe siilembedwa koma imadziwika kuti ilipo, amapanga mantissa, yomwe ndi manambala enieniwo. Choncho double iliyonse ndi nambala yathunthu ya mabiti 53 yochulukitsidwa ndi 2 kangapo kapena yogawidwa ndi 2 kangapo. Mtundu waung'ono, float, uli ndi mabiti 32 ndipo mantissa yake ndi ya mabiti 24. Fmodf ndi ya mtundu umenewu.

Zotsatira zake ndi ziwiri. Choyamba, double imafika kutali zedi: kuchokera pa nambala yaing'onong'ono yokhala ndi maziro oposa 300 kuseri kwa kadontho mpaka yaikulu ya manambala 309 mumzere. Chachiwiri, pa utali wonsewo imangokumbukira manambala 15 mpaka 17 oyambirira. Ena onse amatayika, ndipo yankho la masamu aliwonse limakankhidwira ku nambala yapafupi yomwe ingakwane m'mabiti 53.

Yesani izi mu Python: 1 % 0.1. Mukuyembekezera 0, koma mupeza 0.09999999999999995. Fmod sinalakwe. Nambala 0.1 singalembedwe ndendende ndi ma 0 ndi ma 1, monga momwe 1 kugawa ndi 3 singalembedwe ndendende ndi manambala athu a masiku onse. Yomwe kompyuta imasunga ndi yokulirapo pang'ono kuposa 0.1, moti imalowa mu 1 ka 9 kokha, osati ka 10, ndipo zotsala ndi zimenezo. Ndikuchondererani anzanga amene mukulemba mapulogalamu a ndalama, kaya a mabanki m'khonde kaya a malipiro a antchito: musasunge makwacha mu double. Sungani matambala ngati nambala yathunthu, kapena gwiritsani ntchito mtundu wa decimal womwe chiyankhulo chanu chili nawo.

Chifukwa chake njira yachidule sigwira

Wina anganene kuti, bwanji osangogawa x ndi y, kutaya za kuseri kwa kadontho, kuchulukitsa ndi y, kenako kuchotsera? Ndi masitepe anayi okha, ndipo purosesa imawachita m'kanthawi kosaoneka. Mapulogalamu ambiri amachitadi zimenezi, ndipo pa manambala ang'onoang'ono zimaoneka ngati zikuyenda.

Tiyeni tione pomwe zimagwera. Tengani x kukhala 1 wotsatidwa ndi maziro 17, ndipo y akhale 3. Nambala imeneyi imakwana ndendende mu double, ndipo mwana wasukulu angakuuzeni kuti mukaigawa ndi 3 patsala 1. Koma kompyuta ikagawa, yankho lenileni ndi 33333333333333333 ndi kagawo, ndipo pa msinkhu umenewo ma double amadumphana anayianayi, ndiye imasunga 33333333333333332. Ikachulukitsa ndi 3 imapeza 99999999999999996, koma pamenepo ma double amadumphana ndi 16, ndiye imakankhira yankho ku nambala yapafupi, yomwe ndi x yemwe uja. Kuchotsera kumapereka 0. Yankho loona ndi 1. Manambala akatalikirana kwambiri kuposa apa, njira yachiduleyi imatha kupereka chinthu chachikulu kuposa y, kapena chosagwirizana n'komwe ndi funso.

Fmod ili ndi lonjezo lomwe ma function ambiri a masamu alibe: yankho lake ndi lenileni, lopanda kukankhidwira kulikonse. Sin kapena log zimapereka yankho loyandikira, chifukwa loona silingakwane m'mabiti 53. Zotsala pogawa zimakwana nthawi zonse. Chifukwa chake n'chakuti ngati x ndi wamkulu kuposa y, onse awiri amamangidwa ndi timagawo tofanana ndi biti yotsiriza ya y, choncho zotsala nazo zimamangidwa ndi timagawo tomweto. Ndipo popeza zotsala ndi zochepera y, sizingafune mabiti ochuluka kuposa omwe y ali nawo. Kwa ine ichi ndi chinthu chokongola kwambiri pa nkhani yonseyi. Komanso ndi chomwe chimamanga manja a wofuna kufulumizitsa: saloledwa kugula liwiro pogulitsa ngakhale biti imodzi ya yankho.

Njira yakale: biti imodzi pa ulendo

Ma laibulale ambiri a masamu anatengera fmod yawo ku fdlibm, yomwe kampani ya Sun Microsystems inatulutsa mu 1993 kuti aliyense aigwiritse ntchito mwaulere. Glibc inatengera komweko, FreeBSD chimodzimodzi. Njira yake ndi kugawa kwa mzere wautali komwe tinaphunzira kusukulu, kongotsitsa nambala imodzi nthawi iliyonse.

Tione ndi manambala athu wamba kaye. Tikufuna zotsala za 7,000,000 pogawa ndi 13, koma tiyerekeze kuti pepala lathu ndi laling'ono, silingalembe nambala yaitali. Tiyamba ndi 7. Titsitsa ziro woyamba: 70, patsala 5. Wachiwiri: 50, patsala 11. Wachitatu: 110, patsala 6. Kenako 60 patsala 8, 80 patsala 2, 20 patsala 7. Maziro atha, ndipo yankho ndi 7. Taonani kuti sitinafunikire kusunga nambala yonse yaikulu ija, kapena yankho la kugawako. Timangonyamula zotsala kupita nazo pa sitepe yotsatira, ndipo palibe chomwe chatayika panjira.

Kompyuta imachita zomwezo ndi 2 m'malo mwa 10. Imatenga mantissa ya x ndi ya y, n'kuona kuti ma exponent awo asiyana ndi zingati. Kenako imabwereza: ngati x ndi wamkulu kapena wofanana ndi y, chotserapo y, chulukitsa zotsala ndi 2, komwe ndi kungosuntha mabiti malo amodzi kumanzere, bwerezanso. Kusiyana kwa ma exponent kukakhala 5, maulendo ndi 5. Kukakhala 900, maulendo ndi 900. Pakati pa double yaikulu kwambiri ndi yaing'ono kwambiri, maulendo amapitirira 2,000.

Kuchuluka kwa maulendo si vuto lokhalo. Mapurosesa amakono amathamanga chifukwa amalosera komwe pulogalamu ilowere pa mphambano iliyonse, n'kuyamba ntchito yankho lisanadziwike. Akalosera molakwa, amataya zonse zomwe anayamba, ndipo zimawadyera ma cycle oposa 10. Cycle ndi kugunda kumodzi kwa wotchi ya purosesa, ndipo purosesa ya 3 GHz imagunda ka 3 biliyoni pa sekondi. Funso lakuti kodi tichotsere kapena ayi, pa ulendo uliwonse wa njira yakaleyi, yankho lake lilibe dongosolo lomwe purosesa ingaphunzire.

Amene analemba fdlibm sanachite mwaulesi. Makina ambiri a nthawi imeneyo anali a mabiti 32, moti double ankaidula pakati n'kusamalira zigawo ziwirizo padera, ndipo kugawa manambala athunthu kunali kochedwa zedi. Kusuntha ndi kuchotsera zinali zida zotchipa zomwe makina aliwonse anali nazo. Glibc pambuyo pake inakhala ndi mtundu wa makina a mabiti 64, koma unkayendabe biti imodzi pa ulendo.

Intel inayesa kuika ntchitoyi mu chipangizo chenichenicho. Chipu cha masamu cha 8087, cha mu 1980, chinali ndi lamulo lotchedwa FPREM, lomwe mapurosesa a Intel ndi AMD adakali nalo mpaka lero. Nalonso silimaliza ntchito kamodzi manambala akatalikirana: limachepetsa kusiyana kwa ma exponent ndi 63 basi likachulukitsa, ndipo pulogalamu imayenera kuliitana mobwereza mpaka litanena kuti latha. Mapurosesa a Arm alibe lamulo lotere.

Njira yatsopano

Bwererani ku 7,000,000 uja. Pepala likakula pang'ono, titha kutsitsa maziro atatu nthawi imodzi: 7,000 kugawa ndi 13 patsala 6, 6,000 kugawa ndi 13 patsala 7. Yankho lomwe lija, koma masitepe awiri m'malo mwa asanu ndi limodzi. Ganizo lonse la kufulumizitsaku lagona pamenepa.

Purosesa ya lero imagwira manambala athunthu a mabiti 64, pomwe mantissa ndi ya mabiti 53. Patsala malo 11 opanda kanthu. Choncho m'malo mosuntha biti imodzi, titha kusuntha 11 nthawi imodzi popanda chosefukira, kenako n'kupempha purosesa kuti ipeze zotsala ndi lamulo lake logawira manambala athunthu, lomwe silikankhira yankho kulikonse. Maulendo oposa 2,000 aja amatsika kufika pafupifupi 190. Ku fmodf, mantissa ya mabiti 24 ikaikidwa m'malo a mabiti 32 imasiya mpata wa 8.

Njirayi inayamba kuoneka mu laibulale ya C ya LLVM, gulu lopanga zida zomangira mapulogalamu, mu 2022, yolembedwa ndi Kirill Okhotnikov. Adhemerval Zanella wa ku Linaro anaibweretsa mu glibc mu 2023, ndipo Wilco Dijkstra wa ku kampani ya Arm anaiwongolanso chaka chomwecho.

Pali luso lina lomwe limathandiza kwambiri pa manambala omwe anthu amagwiritsadi ntchito. Ma y ambiri ndi manambala osavuta, monga 360, 60, 24 kapena 1. Mu ma 0 ndi ma 1, 360 imalembedwa 101101000. Mabiti ofunika ndi 6 okha oyambirirawo, ndipo mantissa yonse yotsala ndi maziro okhaokha. Mapurosesa amakono ali ndi malamulo owerenga maziro a kutsogolo ndi a kumapeto a nambala mwachangu kwambiri. Fmod yatsopano imawerenga maziro amenewa n'kuwachotsa, y amafupika, ndipo mpata wosunthira umakula. Pa y ngati 360, ulendo umodzi umatha kudya mabiti oposa 50.

Komabe kugawa manambala a mabiti 64 si kotchipa. Kuchulukitsa kumatenga ma cycle atatu kapena anayi pa mapurosesa ambiri, pomwe kugawa pa ma Intel a m'badwo wa Skylake, omwe adakali ambiri m'malaputopu ogwiritsidwa kale ntchito omwe timagula m'tauni muno, kumatha kutenga ma cycle makumi angapo. Kugawa ka 190 kukanabweza mbali yaikulu ya phindu lija. Mwayi wake ndi wakuti y sasintha pa maulendo onsewo. Choncho fmod imagawa kamodzi kokha poyamba, kupeza nambala yoimira 1 kugawa ndi y, ndipo pa ulendo uliwonse imangochulukitsa ndi nambala imeneyo kuti iyerekeze kuti y alowa kangati. Kuyerekezaku sikupitirira; kukalakwa kumaperewera pang'ono. Zili ngati wogula wa ku Mitundu uja atayang'ana mulu n'kunena kuti mutuluka matumba 23: akadzaza 23 aja n'kuona kuti pansi patsala makilogalamu 87.5, amadziwa kuti thumba lina likwana, amalidzaza, ndipo 37.5 yomwe yatsala ndi yolondola ngati kuti sanayerekeze n'komwe. Fmod nayo ikaona kuti zotsala zikuposa y, imachotseranso y. Ganizo lofanana ndi limeneli ndi lodziwika kwa opanga njira zobisira mauthenga, komwe limatchedwa ndi dzina la Paul Barrett, yemwe analifotokoza mu 1986.

Mbali yomwe Dijkstra anaikapo mtima ndi yomwe ine ndimaiona yothandiza anthu ochuluka. Nthawi zambiri fmod siipatsidwa manambala otalikirana ndi maziro 200. Imapatsidwa 725 ndi 360, kapena 37.2 ndi 24. Choncho tsopano imayamba ndi kufunsa mafunso awiri ofulumira. Kodi x ndi wochepera y? Ngati inde, yankho ndi x yemweyo. Kodi ma exponent ayandikana moti kusuntha kumodzi n'kokwanira? Ngati inde, kugawa kumodzi kwatha ntchito. Zachilendo zonse, monga y wa ziro, nambala yopanda malire, kapena manambala ang'onong'ono zedi otchedwa subnormal omwe mantissa yawo siidzadza, zinakankhidwira kumbuyo kuti odutsa tsiku ndi tsiku asamaime pamzere chifukwa cha izo.

Nanga GLIBC_2.38 ija ikubwera bwanji?

Kusintha masamu a m'kati pakokha sikukanabweretsa uthenga uja. Chinaubweretsa ndi kusintha kwachiwiri komwe kunachitika nthawi yomweyo.

Fmod ikapatsidwa y wa ziro, yankho ndi NaN, chizindikiro chotanthauza kuti palibe nambala yoyenera, ndipo imalemba cholakwikacho mu errno, malo omwe mapulogalamu a C amayang'anamo akafuna kudziwa chomwe chavuta. Kwa zaka zambiri ntchito imeneyi inkachitidwa ndi function ina yokuta fmod kunja kwake, yomwe inkasamaliranso njira yakale yonenera zolakwika yochokera ku System V ya kampani ya AT&T. Kuitana fmod kulikonse kunkadutsa pa chikuto chimenecho. Pamene fmod inkatenga nthawi yaitali, mtengo wa chikutocho sunkaoneka; itafulumira, unayamba kuoneka. Ndiye anachichotsa, ndipo fmod yatsopano imalemba errno yokha.

Koma glibc ili ndi mwambo womwe imausunga mwamphamvu: pulogalamu yomangidwa kale isasweke laibulale ikasintha. Imachita zimenezi posunga mitundu iwiri ya function imodzi, uliwonse ndi chizindikiro chake. Mu libm ya 2.38 kupita mtsogolo muli fmod yakale yokhala ndi chikuto chake, ya mapulogalamu akale, komanso yatsopano yolembedwa GLIBC_2.38. Mukamanga pulogalamu lero, imamangiriridwa ku yatsopanoyo. Ubuntu 24.04 ili ndi glibc 2.39, ndiye zimayenda. Ubuntu 22.04 ili ndi 2.35 ndipo Debian 12 ili ndi 2.36, mmenemo chizindikiro chimenecho mulibe, ndipo pulogalamu imakanidwa isanayambe. Lonjezo la glibc limayang'ana mbali imodzi: chakale chiyenda pa makina atsopano, koma chatsopano pa makina akale ayi. Zofananazi zinachitikanso ndi exp, log ndi pow mu glibc 2.29 ya mu 2019.

Kuti mutsimikize, lamulo la ldd --version likuuzani glibc yomwe makina ali nayo, ndipo objdump -T pa pulogalamu yanu likuonetsani function iliyonse yomwe ikufuna pamodzi ndi chizindikiro chake. Njira yodalirika yothetsera vutoli ndi kumanga pulogalamu pa makina, kapena mu container ya Docker (kabokosi kapadera m'kati mwa kompyuta kokhala ndi malaibulale akeake), okhala ndi glibc yakale kwambiri mwa yomwe makasitomala anu ali nayo. A Python amachita zomwezi ndi dongosolo lawo la manylinux. Chomwe simuyenera kuchita ndi kukopera libm.so.6 kapena libc.so.6 yatsopano n'kuiika pamwamba pa yakale pa seva, chifukwa mapulogalamu onse a pa makinawo amadalira mafayilo amenewo, ndipo mutha kutseka ngakhale khomo lolowera kuti mukonze. Dziwaninso kuti pulogalamu yomangidwa pa makina akale ikayendetsedwa pa atsopano imapindulabe ndi masamu ofulumira aja, chifukwa chikuto chakale chimaitana njira yatsopano yomweyo.

Ndani akupindula, ndipo ndani ayi

Kunena zoona, pulogalamu yosunga mayina a ophunzira kapena yowerengera katundu m'sitolo siiona kusiyana kulikonse, chifukwa nthawi yake imathera podikira database ndi netiweki. Opindula ndi amene amaitana fmod mamiliyoni ambirimbiri: opanga mawu ndi zithunzi, oyerekezera nyengo kapena kayendedwe ka madzi, olemba masewera. Palinso phindu lina losaonekera msanga. Function yomwe nthawi yake imatha kuchuluka kwambiri malinga ndi manambala omwe yapatsidwa ndi yovuta kuidalira pa ntchito zofuna kuyankha pa nthawi yake, monga kutulutsa mawu osadukiza. Kuchepetsa nthawi ya pomwe zavutitsitsa kumathandiza pamenepo. N'chifukwa chake oyeza liwiro a glibc anagawa mayeso a fmod patatu: manambala a subnormal, manambala wamba omwazikana pa utali wonse, ndi manambala a ma exponent oyandikana. Wina akakuuzani kuti fmod yafulumira kangapo, m'funseni kuti pa gulu liti mwa atatuwa.

Mafoni a Android omwe ambiri tili nawo m'matumba sakhudzidwa ndi kusinthaku, chifukwa sagwiritsa ntchito glibc. Ali ndi laibulale yawo yotchedwa Bionic, yomwe masamu ake ambiri anachokera ku FreeBSD. Alpine Linux, yofala m'ma container, imagwiritsa ntchito musl, yomwe fmod yake imayenda biti imodzi pa ulendo. Kumeneko si kutsalira chabe: musl imaika patsogolo kuchepa ndi kuwerengeka mosavuta, ndipo njira yakale ija munthu atha kuiwerenga yonse n'kudzitsimikizira yekha kuti ndi yolondola. Pa tizipangizo ting'onoting'ono topanda lamulo logawira mabiti 64, kusuntha ndi kuchotsera kudakali njira yanzeru.

Masamu amalola kupitirira apa. Chomwe fmod ikufuna kwenikweni ndi zotsala za 2 wochulukitsidwa yekha kambirimbiri, ndipo zimenezi zitha kupezeka pochulukitsa nambala ndi iyo yomwe mobwereza, kuchoka pa 2 kupita 4, 16, 256, uku mukusunga zotsala zokha pa sitepe iliyonse. Kusiyana kwa ma exponent kwa 2,000 kungathe m'masitepe pafupifupi 11. Koma sitepe iliyonse imafuna kuchulukitsa kotulutsa mabiti 128 ndi kuchepetsanso, ndiye pa manambala oyandikana, omwe ndi ochuluka pa ntchito zenizeni, njirayi imadula kuposa yosavuta ija. Wolemba laibulale amayenera kusankha gulu la manambala lomwe alitumikire poyamba.

Kutsimikiza kuti palibe chasweka

Kulemba fmod yatsopano kumatenga mizere yosakwana mazana awiri. Ntchito yaikulu ndi kutsimikiza kuti ikupereka yankho lomwelo ndi yakale pa manambala onse. Function ya float yolandira nambala imodzi, monga sinf, itha kuyesedwa pa manambala onse omwe alipo, chifukwa ndi ongopitirira 4 biliyoni, ndipo kompyuta wamba imawamaliza tsiku lisanathe. Fmodf imalandira awiri, choncho mapeya ake ndi 4 biliyoni kuchulukitsa ndi 4 biliyoni. Mutamayesa mapeya 1 biliyoni pa sekondi iliyonse, mungafune zaka zoposa 580. Za double ndiye osanena.

Chomwe chimathandiza ndi lonjezo lija lakuti yankho ndi lenileni. Palibe kukambirana kuti layandikira mokwanira kapena ayi: pali yankho limodzi lokha, ndipo litha kufananizidwa biti ndi biti ndi la njira yakale, kapena ndi la laibulale ngati MPFR yomwe imawerengera ndi mabiti ochuluka momwe mungafunire. Oyesa amathira manambala osankhidwa mwachisawawa ochuluka zedi, kenako amalimbikira m'mphepete momwe zolakwika zimakonda kubisala: x wofanana ndendende ndi y, kusiyana kwa ma exponent kwa 11 ndi 12 pomwe njira yachangu imathera, y yemwe mantissa yake ndi ma 1 okhaokha, yankho lomwe lagwera mu subnormal pomwe x ndi y sanali otero. Ngakhale ziro amayesedwa, chifukwa mu IEEE 754 ziro ali ndi chizindikiro: fmod ya -6 ndi 3 iyenera kupereka -0, osati 0, ndipo pulogalamu yomwe idzagawe 1 ndi yankho limenelo idzapeza nambala yopanda malire ya pansi pa ziro m'malo mwa ya pamwamba.